Mkulu wa Sukulu ndi Kaphunzitsidwe m'Masekondale a ku Fonte Boa

Ntchito ya mkulu wa sukulu ya sekondale ili pawiri. Mbali imodzi ndi yoyendetsa zinthu: kusunga ndalama, kulemba malipoti opita ku boma, kuona kuti denga silikudontha ndiponso kuti ana ogonera pasukulu adya. Mbali ina ndi yoyang'anira kaphunzitsidwe, ndiye kuti kudziwa zimene zikuchitika m'kalasi iliyonse ndi kuthandiza mphunzitsi aliyense kuti chaka chino aphunzitse bwino kuposa chaka chatha. Yoyambayo ikalephereka anthu amadandaula tsiku lomwelo. Yachiwiriyo ikalephereka palibe amene amakuwa, zimadzadziwika patapita zaka, zotsatira za mayeso a boma zitatuluka. N'chifukwa chake akuluakulu a sukulu ambiri nthawi yawo imathera pa yoyamba ija. Dera la Fonte Boa, kumapiri a Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi malo abwino oonerapo nkhaniyi, popeza sukulu zinayambako kalekale ndipo zovuta za kaphunzitsidwe zili poyera.

Malo ndi mbiri yake

Fonte Boa ndi mishoni ya Katolika imene ansembe a chipani cha Ajezuiti anatsegula mu 1945, patapita zaka zoposa makumi atatu chiyambireni mishoni yawo ya ku Lifidzi. Lero ili m'boma la Tsangano, lomwe kale linali mbali ya Angónia, ndipo tauni yaikulu yapafupi ndi Ulóngue. Ndi dziko lokwera ndi lozizira, la chimanga, nyemba, mbatatesi ndi fodya. Eni ake ndi Achewa ndi Angoni, abale enieni a anthu a ku Dedza ndi Ntcheu. Pakhomo, kumsika ndi kumaliro amayankhula Chichewa, chimene mabuku a boma la Mozambique amachitcha Cinyanja.

Mu 1940 dziko la Portugal linachita pangano ndi Vatican, ndipo lamulo la 1941 linapereka maphunziro a ana a eni nthaka m'manja mwa mishoni za Katolika. Wolamula pasukulu anali wansembe, ndipo ana opitirira makalasi oyambirira anali owerengeka. Pofika ufulu mu 1975, anthu oposa 90 mwa 100 alionse m'dzikolo sankadziwa kuwerenga. Pa 24 Julaye chaka chomwecho boma la Samora Machel linatenga sukulu zonse, za mishoni zomwe. Aphunzitsi ambiri achipwitikizi anali atabwerera kwawo, motero pa 8 Malichi 1977 boma linaitana ophunzira a makalasi omaliza a sekondale kuti ayambe kutumikira dziko, ndipo ambiri mwa iwo anakagwira choko asanamalize n'komwe maphunziro awo.

Kenaka nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inasakaza Angónia. Midzi yambiri inatsala mabwinja, eni ake atathawira ku Malawi. Pa 30 Okutobala 1985 ansembe awiri achijezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anabwerera ndi ana awo, ena mwa iwo ataphunzira m'Chichewa ndi Chingerezi, osati m'Chipwitikizi. Chisoni china chinagwa mu Novembala 2006, pamene achifwamba anaukira mishoni ya Fonte Boa n'kupha Bambo Waldyr dos Santos a ku Brazil ndi Idalina Gomes wa ku Portugal, amene ankagwira ntchito pamishonipo mongodzipereka. Ntchito ya maphunziro sinaime. Kuwonjezera pa sekondale ya pa Fonte Boa, m'zaka za m'ma 2010 Ajezuiti anamanga Escola Secundária Inácio de Loyola ku Msaladzi, m'boma lomwelo la Tsangano, ya anyamata ndi atsikana, yokhala ndi malo ogona ndi minda.

Mbiri imeneyi ikumukhudza mkulu wa sukulu wa lero. Makolo ambiri sanapite patali ndi sukulu, ena anaphunzira kutsidya kwa malire, kotero mwana akafika pakhomo sapeza womumasulira buku la Chipwitikizi. Chimene adzadziwe pa masamu kapena sayansi chidzachokera m'kalasi basi. Kumalo otere, phunziro lotayika silibwezedwa ndi wina aliyense.

Amene amatsogolera

Lamulo la maphunziro nambala 18/2018 linasintha kayalidwe ka sukulu ku Mozambique. Pulayimale tsopano ndi kalasi 1 mpaka 6. Sekondale ili ndi magawo awiri, kalasi 7 mpaka 9 ndi kalasi 10 mpaka 12, ndipo mwana aliyense akuyenera kuphunzira mpaka kalasi 9. Kalasi 7 inasamukira ku sekondale mu 2023. Chaka cha sukulu chili ndi matemu atatu, ndipo malikisi amayambira pa 0 kulekezera pa 20, wokhoza ndi amene wapeza 10 kapena kuposerapo.

Pamwamba pali mkulu wa sukulu, amene onse amamutcha director. Wachiwiri wake woona za maphunziro, amene ambiri amangomuti a pedagógico, ndiye amakonza ndondomeko ya maphunziro a sabata, kugawa makalasi ndi kuyang'anira mayeso. Aphunzitsi a phunziro limodzi amapanga gulu lawo, grupo de disciplina, lotsogozedwa ndi mnzawo wotchedwa delegado. Kalasi iliyonse ili ndi mphunzitsi woisamalira, director de turma, amene amadziwa wojomba, wodwala ndi wolephera, komanso amayankhula ndi makolo. Palinso bungwe la sukulu, Conselho de Escola, momwe muli makolo, aphunzitsi, ophunzira ndi oimira mudzi, ndipo wapampando wake sakhala director. Sukulu imayankha ku ofesi ya maphunziro ya paboma, SDEJT.

Makwererowa ndi okwanira ndithu. Sukulu ya ku Tsangano siisowa udindo wina watsopano kuti kaphunzitsidwe kakwere. Funso ndi lakuti anthu a pa maudindowo amakumana kuti akambirane za mmene ana akuphunzirira, kapena amangosaina mapepala.

Choyamba ndi kupezekapo

Mu 2014 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inachita kafukufuku m'sukulu za pulayimale za ku Mozambique, ofufuza akumafika mosadziwitsa. Anapeza kuti aphunzitsi 45 mwa 100 alionse panalibe pasukulu, ndipo akuluakulu a sukulu 44 mwa 100 alionse nawonso panalibe. Kumene director kunalibe, aphunzitsi ojomba ankachulukanso. Ziwerengerozi ndi za pulayimale ndipo papita zaka, koma phunziro lake likugwira sekondale iliyonse: aphunzitsi amayang'ana zochita za mkulu wawo. Kudera ngati la Fonte Boa chomuchotsa director pasukulu sichisowa. Kuli misonkhano ya kuboma, kuli banki imene ili ku Ulóngue, kuli misewu imene imaterera mvula ikagwa. Mkulu wanzeru amasiya ndondomeko yomveka ya amene atsale akuyang'anira, ndipo akabwera amatsegula buku la kalasi kuti aone maphunziro amene anaphunzitsidwadi.

Kulowa m'kalasi

Chida chachikulu cha mkulu wa sukulu ndi kukhala kumbuyo kwa kalasi mphunzitsi akuphunzitsa, zomwe ku Mozambique amati assistência às aulas. Mwambowu si wachilendo kwa amene anayambitsa Fonte Boa. Buku la malangizo a sukulu za Ajezuiti, Ratio Studiorum la mu 1599, linalamula woyang'anira maphunziro kuti azimvetsera mphunzitsi aliyense wa makalasi apansi kamodzi pa masabata awiri. Ofufuza a masiku ano afika pomwepo. Viviane Robinson wa ku New Zealand ndi anzake, atasonkhanitsa kafukufuku wosiyanasiyana mu 2008, anapeza kuti mwa zonse zimene mkulu wa sukulu amachita, chimene chimakweza kwambiri zotsatira za ana ndi kulimbikitsa aphunzitsi kuti azipitiriza kuphunzira ntchito yawo, iye mwini akuphunzira nawo limodzi. Lipoti la UNESCO la maphunziro a dziko lonse la mu 2024 linali la utsogoleri womwewu, ndipo linadandaula kuti akuluakulu a sukulu amapanikizika ndi za muofesi mpaka kusowa nthawi ya kaphunzitsidwe.

Koma kulowa m'kalasi kuli mitundu iwiri. Kwina mphunzitsi amauzidwa tsiku, amakonza phunziro lachionetsero, amafunsa ana atatu anzeru okhala kutsogolo, ndipo woyang'anira amalemba mafomu n'kukawatsekera m'kabati. Kumeneko n'kutaya mphindi 45. Kwina woyang'anira amabwera kawirikawiri mpaka ana kumuzolowera, ndipo maso ake amakhala pa ophunzira kuposa pa mphunzitsi. Amaona kuti ndi angati amene ayankhulapo, atsikana afunsidwa kangati, m'makope mwa okhala kumbuyo mwalembedwa chiyani. Phunziro likatha amatenga makope asanu mwachisawawa. Tsiku lomwelo amakhala pansi ndi mphunzitsiyo, amatchula chimene chayenda bwino, kenaka amagwirizana chinthu chimodzi chokha chosintha, mwachitsanzo kupereka mphindi khumi zoti mwana aliyense awerengetse yekha samu asanaone yankho pabolodi. Pakatha masabata awiri amabweranso kudzaona chinthu chomwecho. Mlimi wa mbatatesi wa ku Tsangano sadikira tsiku lokumba kuti adziwe ngati m'munda mwalowa chiwawu, amayendera masamba sabata ndi sabata pamene mankhwala angathandize. Mayeso a kumapeto kwa chaka amangonena zimene zawonongeka kale.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchisamala. Ngati zolembedwa poyendera kalasi ndi zomwenso zimagwiritsidwa ntchito polanga kapena pokweza pantchito, mphunzitsi amabisa zofooka zake, ndipo palibe angamudzudzule pa zimenezo. Mkulu wabwino amalekanitsa ziwirizi ndipo amanena poyera. Njira yachidule yochotsera mantha ndi yakuti director ndi a pedagógico akhale ndi kalasi yawoyawo, ayambe ndi iwo kuitana anzawo kuti adzawaonere.

Director mmodzi sangadziwe Chifalansa, kemisitiri ndi jogalafe nthawi imodzi. Apa ndi pamene gulu la phunziro limafunikira. Aphunzitsi a gululi amayenera kukumana masabata awiri alionse kukonza maphunziro akubwerawo, planificação quinzenal. Msonkhanowu ukhoza kutha m'mphindi khumi, wina atangokopera mitu ya chaka chatha n'kusintha masiku. Ukhozanso kukhala sukulu yeniyeni ya aphunzitsi: aliyense abwere ndi mapepala a mayeso aang'ono apitawa, aone funso limene ana ambiri analakwa, afufuze kuti analakwa motani, agwirizane njira ina yofotokozera, mmodzi akayesere anzake akuonerera. Njira imeneyi inakula ku Japan, ndipo Zambia inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2005 m'chigawo chapakati, mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA. Ku Malawi pulogalamu ya SMASSE, yolimbikitsa kaphunzitsidwe ka masamu ndi sayansi m'sekondale, inayamba mu 2004 ndi maganizo ofananawo. Siifuna ndalama zambiri. Imafuna kuti mkulu wa sukulu aiikire ola lake lokhazikika ndi kulitchinjiriza kuti lisadyedwe ndi misonkhano ina. Kumene phunziro lili ndi mphunzitsi mmodzi yekha, monga zimachitikira ndi fizikisi m'sukulu za kumidzi, akuluakulu a sukulu zoyandikana angagwirizane kuti aphunzitsi awo azikumana kamodzi pa temu.

Nkhani ya chiyankhulo

Vuto lalikulu la kaphunzitsidwe ku Angónia lili pa lilime. Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 17 okha mwa 100 alionse ku Mozambique ndi amene anayamwira Chipwitikizi, ndipo ambiri mwa iwo ndi a m'mizinda. Boma linaliona vutoli. Kuyambira 1993 mpaka 1997 linayesa kuphunzitsa m'ziyankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 njirayi inalowa m'sukulu zina za pulayimale. Ku sekondale mabuku, maphunziro ndi mayeso ndi za m'Chipwitikizi.

Mwana wa zaka 12 kapena 13 wochokera ku kasukulu ka m'mudzi amafika m'kalasi 7 akudziwa kupereka moni ndi kukopera za pabolodi, koma ndime ya m'buku la mbiri kapena la sayansi siimumvekera. Akakhala chete, mphunzitsi amayesa kuti wamva. Akalephera mayeso a sayansi ya zamoyo, amalembedwa kuti sayansi imamuvuta, chonsecho mwanayo amadziwa bwino chifukwa chake nyemba zimabzalidwa pakati pa chimanga ndiponso mmene matenda amalowera m'mbewu. Chimene chamugwetsa ndi funso lolembedwa m'mawu amene sanawamvepo. Mwana wotere amayamba kuloweza pamtima, ndipo kuloweza kumamufikitsa pa 10 m'mayeso aang'ono koma kumamutaya pa mayeso a boma.

Mphunzitsi mmodzi payekha sangathe kulithetsa vutoli, ndipo pano ndi pamene utsogoleri umaonekera. Sukulu yonse iyenera kugwirizana kuti Chipwitikizi si katundu wa mphunzitsi wa Chipwitikizi yekha. Wa masamu aziphunzitsa mawu a masamu, wa jogalafe aziwerengetsa ndime mokweza ndi kufunsa tanthauzo lake asanapitirire. M'masabata oyamba a Febuluwale ana onse a kalasi 7 ayesedwe kuwerenga, mmodzimmodzi, kuti ofunika thandizo adziwike msanga ndi kupatsidwa nthawi yapadera. Sukulu yokhala ndi malo ogona ili ndi mwayi wa maola a madzulo, omwe nthawi zambiri amangotha ana atakhala duu pa makope awo popanda wowatsogolera.

Za Chichewa m'kalasi, sukulu imafunika mfundo yomveka. Kulanga mwana chifukwa wayankhula chiyankhulo cha amayi ake kumangomutseka pakamwa, ndipo mwana wosayankhula saphunzira chiyankhulo chilichonse. Kuphunzitsa zonse m'Chichewa nakonso kumamusiya wopanda chida tsiku la mayeso. Njira yapakati ndi yolola ana kukambirana funso m'magulu m'Chichewa, kenaka n'kupereka yankho ndi kulemba m'Chipwitikizi. Aphunzitsi ena amatumizidwa kuchokera ku Tete, ku Beira kapena ku Quelimane ndipo Chichewa sachidziwa. Director akaika mphunzitsi wotere pa gulu limodzi ndi mnzake wa kuderako, onse awiri amapindula, ndipo mlendoyo sachedwa kuzolowera mudzi.

Kugawa aphunzitsi ndi nthawi

Chisankho china chimachitika mwakachetechete mu Januwale, pogawa makalasi. Chizolowezi n'chakuti aphunzitsi a digiri ndi okhalitsa amatenga kalasi 11 ndi 12, ndipo atsopano amapatsidwa kalasi 7 ndi 8, zomwe zimakhalanso zodzaza kwambiri. Chizolowezichi n'cholakwika. Mwana amene sanamvetse tizigawo ta manambala m'kalasi 7 sadzapulumutsidwa ndi katswiri wa kalasi 12, ngati adzafikeko n'komwe. Ena mwa aphunzitsi aluso ayenera kutsika, ndipo watsopano aliyense, kaya wachokera ku Universidade Púnguè kapena ku koleji ya aphunzitsi ya ku Ulóngue, akhale ndi mnzake wamkulu womuyendetsa chaka choyamba.

Pali zina zimene director sangazithe. Malipiro amachokera ku boma, ndipo ndalama za maola owonjezera zakhala zikuchedwa m'dziko lonselo mpaka aphunzitsi kunyanyala m'malo ena. Chimene angathe ndi kutumiza mapepala a aphunzitsi ake panthawi yake, kuwatsatira kuofesi, ndi kugawa maolawo poyera mopanda kukondera. Mphunzitsi amene akuona kuti mkulu wake amamumenyera nkhondo amamva msanga akadzudzulidwa pa za m'kalasi.

Makolo ndi mudzi

Kujomba kwa ana ku Tsangano kumatsatira munda ndi msika: nthawi yopalira, yokumba mbatatesi, yosankha fodya, ndi masiku a misika ya m'malire. Mphunzitsi wosamalira kalasi akamawerenga maina tsiku lililonse, wojomba masiku atatu amadziwika sabata yomweyo, ndipo bungwe la sukulu lingatume munthu kwa makolo kapena kwa mfumu mwanayo asanatayike. Kwa atsikana malamulo asintha. Mu Disembala 2018 boma linachotsa lamulo la 2003 limene linkasamutsira mtsikana woyembekezera ku makalasi a usiku, ndipo mu 2019 linakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana osakwana zaka 18. Malamulowa amagwira ntchito pokhapokha mkulu wa sukulu atawafotokoza pamsonkhano wa makolo m'Chichewa chomveka, ndiponso atasonyeza kuti mphunzitsi wofunsira ophunzira kapena wogulitsa malikisi sadzabisidwa. Malikisi ogulidwa amaipitsanso ntchito yonse yoyang'anira, chifukwa director amayamba kuwerenga ziwerengero zabodza n'kumaganiza kuti ana akudziwa.

Bungwe la sukulu limakonda kuitanidwa pakafunika njerwa kapena mchenga. Liyeneranso kumva, temu iliyonse, kuti ndi maphunziro angati amene sanaphunzitsidwe, ndi ana angati a kalasi 7 amene tsopano akuwerenga, ndipo ndi angati amene asiya. Kholo losadziwa Chipwitikizi limatha kumvetsa ziwerengero zimenezi ndi kufunsa mafunso oyenera.

Kusankha ndi kuphunzitsa atsogoleri

Director amasankhidwa ndi boma pakati pa aphunzitsi, ndipo kawirikawiri amayamba udindo asanaphunzire mokwanira za kuyendera kalasi kapena kuyankhula ndi mnzake amene phunziro lake silinayende. Luso limeneli silibwera lokha ndi mpando. Limaphunziridwa, ndipo malo ake oyamba ndi udindo wa delegado ndi wa pedagógico, komwe munthu amaonekera ngati anzake amapindula naye. Ofesi ya maphunziro ya boma la Tsangano, pamodzi ndi mishoni kumene ikugwira nawo ntchito, ziyenera kusankha akuluakulu a sukulu poyang'ana mbiri imeneyo, kuwasiya pamalo amodzi zaka zokwanira kuti ntchito iphuke, ndi kuchepetsa misonkhano yowaitana pa masiku a sukulu. Oyendera sukulu akafika ku Fonte Boa kapena ku Msaladzi, asayambe ndi mafayilo a muofesi. Ayambe kufunsa director kuti mwezi uno walowa m'makalasi angati, anaonamo chiyani, ndipo anagwirizana zotani ndi aphunzitsi ake.